Batire la Zitsekerero Zitatu

Ntchito ndinaipeza ndi tsache m'manja. Bambo a Tadala atapita ku Joni n'kungoti zii, ndinkasesa m'makonde a masitolo pa Madisi, mwana ali kumsana. Tsiku lina a Kachingwe, eni kanyumba kotchajira mabatire kuseri kwa chigayo, anandikodola. "Amake mwana, manambala mumawadziwa?" Ndinati sukulu ndinalekeza sitandade sikisi koma manambala ndimawaona. "Basi, mawa mulawire."

Kanyumbako nkakang'ono, zenera limodzi, fungo la asidi lokanda kukhosi. Pansi pamandanda mabatire a galimoto omwe anthu akumudzi amaonera kanema ndi kuyatsira mababu. Diso lamanzere la a Kachingwe ndi loyera, siliona. Batire linawaphulikira ali mnyamata. Sanandibisire, ndipo kuyambira tsikulo Tadala ndinkamugoneka pakatoni pafupi ndi chitseko, ine khutu lili kumabatire, diso lili kwa mwana. Batire likangoti tswii, mtima uli m'mwamba.

Anandiphunzitsa pang'onopang'ono. Tsegula zitsekerero kuti mpweya uzituluka. Suzumira madzi, akachepa onjezera madzi a batire a m'botolo, osati a pamjigo. Chopanira chofiira kumutu wa pulasi, chakuda ku mainasi, ndiye kenako uyatse pakhoma, osasemphanitsa. Fodya ayi, mbaula ayi. Matchaja analipo awiri. Ina yaikulu yamatayala, tinkaitchula Chimphona, yamphamvu ndi yachangu, koma ya mabatire a mphamvu ya thwelofu okhaokha. Kena kachitini kadzimbiri kokhala ndi kaswichi ka sikisi ndi thwelofu, koyenda ngati nkhono. "Musanagwire chopanira, werengani zitsekerero," ankatero. "Zikakhala sikisi, ndi la thwelofu. Zikakhala zitatu, ndi la sikisi, la galimoto zamakedzana. Limenelo Chimphona chimaliwiritsa mpaka kuphulika." Miyezi inadutsa, la zitsekerero zitatu osaliona. Ndinayesa ndi nthano.

Loweruka lina a Kachingwe anapita kumaliro ku Bowe, ndinatsala ndekha. Dzuwa litangokwera ndinaona njinga ikubwera chothamanga, wokwerapo ali mu suti, duwa pachifuwa, thukuta kamukamu, batire lomangidwa ndi mphira kumbuyo. Anali a Chimphepo, ankhoswe a ukwati wa tsikulo. Mkwatibwi anali mdzukulu wa a Mbewe, aphunzitsi opuma, eni kagalimoto kakuda kobulungira ngati kamba komwe anagula kwa ansembe kalekale. Kamatuluka pa ukwati pokha, ndipo mtsikanayo analonjezedwa ali wamng'ono kuti adzapita kutchalitchi m'menemo. Koma achinyamata a kumchezo anazula batire lake n'kulumikiza kuwailesi, navina nalo mpaka kucha. M'mawa galimoto inangoti kwe, basi.

Ndinamasula mphira, ndinawerenga. Zitatu. Ndinawerenganso ndi chala. Zitatu ndithu. 

Ndinakoka kachitini, kaswichi ndinakaika pa sikisi, ndinatsegula zitsekerero, madzi anali otsika ndiye ndinaonjezera, kenako ndinalumikiza batirelo n'kuyatsa. A Chimphepo anandiyang'ana ngati ndikuwaseweretsa. "Amayi, kachidole ako nkachiyani? Ikani pa chachikulucho, mphindi zochepa tinyamuke. Abusa sadikira."

"Bambo, limeneli ndi la sikisi. Chachikulucho chiliphulitsa."

"Batire ndi batire! Kodi eni ake ali kuti, tilankhule ndi anthu odziwa?"

Pakhomo panali patadzaza kale anthu a kuchigayo, ufa kumaso, wina n'kuponya mawu: "Achemwali, mukufuna ukwati wa eni uthe ngati wanu?" Anaseka. Ine m'maso munatentha koma sindinalire. Mwina batire likanangotentha osaphulika, sindikudziwa mpaka lero. Chomwe ndinkaona ndi diso loyera la a Kachingwe ndi nkhope ya Tadala ali pakatoni, pakamwa pali yasa, mtunda wa mkono umodzi kuchoka pomwe ankhoswe anaima.

Ndiye a Chimphepo anavula jekete. Anakoka Chimphona okha, nagwira zopanira. Sindikumbuka kuganiza. Ndinazula pulagi ya Chimphona pakhoma, ndinanyamula mwana, chingwe chake ndinachipinda n'kuchikhalira pansi pomwepo. Tadala anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ndinawayang'ana a Chimphepo n'kunena:

"Mukafuna chingwechi mundimenye kaye, anthu onsewa aone. Muno muli mwana wanga. Batire lanu likhala pa kachitini, apo ayi litengeni muzipita."

 Ankhoswe kumenya mayi woyamwitsa pa tsiku la ukwati, ali ndi duwa pachifuwa, ikanakhala nkhani yofika mpaka ku Ntchisi. Anataya zopanira, natuluka kukaimba foni, akundinena mawu oti sindingawalembe pano. Kwina kotchajira la sikisi kunalibe. Anabwerera, nakhala panjerwa.

Ndinakhala pachingwe paja mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndinkayamwitsa, dzanja lina ndikukhudza m'mbali mwa batire ngati likutentha, ndikusuzumira timathovu tikukwera pang'onopang'ono, kamuvi koonetsa moto pa kachitini kakutsika mwaulesi. Dzuwa litafika pamutu ndinawauza zoona: silinadzaze, sitata yolizira galimoto silingaizungulitse, koma moto woyatsira injini ulipo. Kwa a Mbewe nkumtunda. Galimotoyo akaikankhire kumatsitso, ikalira.

Ndinamva kwa amayi a kuchigayo kuti anaikankhadi, azimayi a nsalu zofanana ali pambuyo ndi nthungululu, ndipo inalira isanafike pamlatho. Mkwatibwi anafika mochedwa kwambiri, abusa atakwiya, mpunga utazizira. A Chimphepo mpaka pano sandipatsa moni.

Lolemba a Kachingwe anabwera nkhani ataimva kale. "Amake Tadala, kasitomala sakalipiridwa. Mwandichotsera ulemu kwa anthu atchalitchi." Ndinali nditamanga kale mwana kumsana, wokonzeka kubwerera kumakonde. Ndinati, "Sindinawakalipire, bwana, ndinangokhalira chingwe. Akabweranso ndidzachikhaliranso." Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzi, chala chikusisita chikope cha linalo. Kenako anati, "Mabatire a ku Mvera afika. Mukudikira chiyani?"

Ndikadali pomwepo. Tadala anayamba sukulu, maso ake onse awiri ali bwinobwino. Wobwera ndi galimoto yakale ndimamuuza kuti tchaja sasankhira kukula kapena changu: ifanane ndi batire, ndipo izidyetsa pang'onopang'ono monga umadyetsera nkhalamba yodwala. Anthu pa Madisi amati ndine wamantha. Eya, ndine wamantha, ndipo sindidzasiya. Mantha angawo ndi amene amawerenga zitsekerero pamene wina aliyense akukuwa.