Tsiku Limene Amayi Anasanduka Azakhali

Achimwene anathawa m'dziko muno ine ndili sitandade sikisi. Anali kalaliki pa boma ku Ntchisi, ndipo tsiku lina mnzawo anawatsina khutu kuti dzina lawo lili pa mndandanda wa anthu opita ku ndende ya Dzaleka, chifukwa cha mawu ena amene anawataya pa mowa. Anadzera pakhomo masana, n'kutsanzika ngati akupita ku Mponela, basi osabweranso. Zaka zonse zija nkhani zawo tinkazimva monong'ona: ali ku Zambia, awoloka nyanja, akwatira mzungu. Amayi sankatchula dzina lawo pagulu, koma popemphera korona ankalitchula tsiku ndi tsiku.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kufotokoza, ngakhale zimandinyansa, chifukwa kwathu sichifuna kufotokoza. Achimwene sanabadwe m'mimba mwa amayi. Anawabereka ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi, amene anamwalira mwanayo asanayambe n'kukwawa komwe. Nthawi imeneyo amayi anali ndi khanda lawo loyamba, ndiye anayamwitsa onse awiri, wina bere ili, wina bere ilo. Ine ndinakula mpaka kumera ndevu ndisanaganizepo kuti pali kusiyana. Mwana wa mkulu wako ndi mwana wako, nanga angakhale wa yani?

Matipate atabwera, anthu othawa anayamba kubwerera. Amayi anazira nyumba, n'kusunga tambala wina kuti asaphedwe ngakhale pa Khirisimasi. Koma m'malo mwa munthu kunabwera kalata. Achimwene anali kudwala impso, ankalumikizidwa ku makina sabata iliyonse, ndipo madokotala anawaletsa ulendo. Anapempha chinthu chimodzi: amayi apite akawaone. Za ndege anati alipira okha. Mu envulopu yomweyo munali ina yaing'ono, yomata, yopita ku ofesi ya ku Lilongwe ya kazembe wa dziko limene ankakhalalo. Sindinaitsegule. Tinali titatopa nawo anthu otsegula makalata a eni, ndipo sindinafune kukhala mmodzi wa iwo.

Ntchito yonse inagwera ine, poti ndinali mphunzitsi, wodziwa Chingerezi pa banja. Za pasipoti ndisanene zambiri. Chaka chobadwa amayi tinakachifukula m'buku la ubatizo ku parishi. Wojambula ku Mponela anawavulitsa duku pamaso pa anthu, nkhalamba yoti ngakhale ife ana ake sitinkaiona imvi kawirikawiri. Anapirira zonsezi osadandaula. Pasipoti itatuluka ndinakatenga fomu ya viza, n'kuilemba pa desiki ya kusukulu ana ataweruka. Panali mzere wofunsa kuti wopemphayo ndi ndani wake wa munthu amene akumuitana. Pamenepo sindinaime n'komwe. Ndinalemba kuti mayi ake.

Tsiku lake tinaima pamzere panja pa mpanda kuyambira m'mawa, popanda benchi. Amayi atatopa anayala chitenje pansi, mlonda n'kuwadzutsa, ati pamenepo sipokhala. M'kati munali windo lagalasi. Kuseri kwake kunali mzungu wa msinkhu wa mdzukulu wawo, ndipo pambali pake panali womasulira, Mmalawi mnzathu wovala tayi. Atangotsegula pakamwa ndinadziwa kuti ndi wa kwathu konkuno. Mtima unakhala pansi, ndinati tapeza mwana wa pakhomo.

Mzungu anafunsa kudzera mwa womasulirayo ngati amayi ali ndi buku la kubanki, ngati ali ndi nyumba ya malata, ngati adzabwereradi. Amayi anayankha kuti mtedza wawo uli m'munda, sangausiyire anyani. Mzungu anamwetulira pang'ono. Kenako anatsegula envulopu ija, n'kuika kalatayo pambali pa fomu yanga. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, nkhope n'kusintha.

"Akufunsa kuti munthu ameneyu ndi ndani wanu," anatero womasulira.

"Ndi mwana wanga."

"Munabereka ndinu?"

Funso limenelo kwathu safunsa munthu wamkulu, ndipo womasulirayo ankadziwa zimenezi.

"Ndinayamwitsa ndine," anatero amayi.

Ndinamva ndi makutu anga zimene womasulira anapereka kwa mzungu. Anangoti akuti ayi. Za kuyamwitsa anazimeza. Ndinasendera pa windo kuti ndifotokoze, koma anandiuza kuti woyankhula ndi mwini pasipoti yekha, ndikapitiriza anditulutsa. Kenako womasulira anatembenukira kwa amayi.

"Kalata ya mwini wakeyo ikuti inu ndinu azakhali ake."

Ndinasuzumira pagalasi. Linali dzanja la achimwene, zilembo zopendekera zomwe ndinkazidziwa m'makope awo akale. Analemba kuti anti. Azungu ali ndi liwu limodzi lomweli, ndipo amaponyamo onse ngati m'thumba la kaunjika: mlongo wa bambo, mkulu wa mayi, mng'ono wa mayi, ngakhale mkazi wa amalume. Achimwene sanalakwe. Mapepala awo kumeneko anali ndi dzina la mayi wowabereka, womwalira kalekale, ndiye analemba mmene eni dziko amawerengera. Inenso sindinalakwe. Koma mzungu anaona mapepala awiri otsutsana, n'kudinda chidindo m'pasipoti yatsopano ija. Pa kapepala kamene anatipatsa analemba kuti wopemphayo wanena zabodza.

Mzunguyo ndimamukwiyira pang'ono chabe, kwawo ndi mmene anamulerera. Amene mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawira ndi wa tayi uja. Munthu wakulira m'mapiri momwemuno, ndithu ali ndi amayi aang'ono amene anam'bereka kumsana. Akanangonena mawu awiri, kuti kuno mng'ono wa mayi ndi mayi, zikanatha. Kapena akanangomasulira bwino, n'kuti kalata ikuti ndinu amayi ake aang'ono. Iye pa mawu onse anasankha azakhali, mlongo wa bambo, munthu wa mtundu wina. Anatseka faelo n'kuitana wotsatira.

Pobwerera tinakwera matola, pikapu yodzaza matumba a fetereza. Ine ndinali kutukwana njira yonse, kutukwana kazembe, boma latsopano, ngakhale ufulu umene tinauvotera. Amayi ankangoyang'ana minda ya m'mbali mwa msewu. Ndinkaganiza kuti akulira ulendo. Titatsika, tikukwera chitunda cha kumudzi, anaima kuti apume.

"Azakhali ake ine ndimawadziwa," anatero. "Ali ku Chisepo. Sanamusambitsepo n'kamodzi komwe."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti chidindo chija sichinawakhudze. Chimene chinawalasa n'choti mwana wawo, ali pa bedi la imfa, wawakana. Ndinafotokoza za liwu la Chingerezi lija kawiri, katatu. Anangoti munthu akamaitana mayi ake sasowa liwu, m'chiyankhulo chilichonse.

Ndinaona kuti woti akonze zimenezi ndi mwini wake. Ndinapita nawo amayi ku positi ofesi pa boma kukabukitsa foni. Ulendo woyamba tinakhala tsiku lathunthu, laini osalowa, ati mvula yagwetsa mapolo. Ulendo wachiwiri anayankha alamu athu achizungu aja, akulira, kuti achimwene agonekedwa m'chipatala ndipo sakuyankhula. Ndinalemba kalata yowapempha kuti akangotsitsimuka alembe mzere umodzi wokha m'Chichewa. Ndinabwereranso ku Lilongwe ndi kalata ya abambo mfumu a ku parishi yofotokoza ubale wonse, koma pa geti anandiuza kuti pasipoti yodindidwa chotero iyambe yadikira miyezi ingapo.

Uthenga wa imfa yawo unadzera ku parishi komweko. Anawaika konko. Ife tinalira maliro opanda mtembo, ndipo anthu onse obwera kudzapepesa ankalunjika kwa amayi osachita kulozeredwa, chifukwa m'mudzi monse munalibe wosadziwa kuti wataya mwana ndani.

Titameta, anthu atabalalika, amayi anandiitana kuseri kwa nkhokwe kumene ankasankha nyemba. Sanadzutse mutu.

"Kalata ija unaiona ndi maso ako?"

Ndinavomera.

"Analemba yekha?"

Ndinawauza kuti ayi, analemba ndi mkazi wawo, dzanja silinali la achimwene. Amayi anasiya kusankha nyemba, n'kupuma mozama.

"Ndimadziwa ine. Mwana wanga sangatero."

Pa windo paja amayi sananame. Amene ndinanama ndine, kuseri kwa nkhokwe, ndipo bodza limenelo sindinakalape kwa ansembe mpaka lero.