Chibokosi cha M'buti mwa Atate

Dzulo mwana wanga anamangitsa sipika ya besi m'galimoto yake. Atangoyatsa, mawindo ananjenjemera, ine n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

Ndili mwana, atate ankayendetsa takisi ku komboni ya Matero. Wailesi yobwera ndi galimotoyo ankati imalira ngati udzudzu, choncho anaika chibokosi chakuda cha sipika m'buti, chingwe chofiira chamagetsi chikuchokera kubatire kudzera pansi pa mipando. Chikagunda, malata a nyumba ankayankha, ndipo kugundako ndinkakumvera m'mimba.

Masiku ena ankaimika galimoto pakhomo penipeni n'kutsegula buti.

"Vinani apa na banzanu. Osangena mu nyumba, nifuna kukamba na bamai banu."

Tinkavina mpaka miyendo kutuwa ndi fumbi. Ana onse a m'komboni ankandisirira. Nyimbo zikatha, amayi ankatuluka atafunda chitenje kumaso.

"Ni chongo chabe, mwana wanga," ankatero, kunena phokoso la nyimbozo. "Chanibabisa mutu."

Mumtima ndinkawanyoza kuti sadziwa kusangalala.

Nyumba zathu zinali zothithikana, woyandikana naye ankamva ngakhale ukatsokomola. Atate ankakweza sipika ija kuti anthu asamve amayi akulira, ndipo ine ndinali panja, ndikuvina.