Tsiku Limene Clarrie Anathamanga Mopitirira

Clarrie Boughton anayamba kupikisana pabwalo lathu la magalimoto tsitsi lidakali lakuda bii, ndipo sanapambanepo. Ntchito yake inali yometa nkhosa, msana unapindikira komweko. Galimoto yake ndi Holden yobiriwira imene anagula asanakwatire, moti mkazi wake Noelene amanena poyera kuti iye analowa mitala.

Kukalabu kwathu timakonda chilungamo mpaka kudwala nacho. Anyamata atayamba kubwera ndi magalimoto atsopano oyendera kompyuta, eni ziphapha anadandaula. Komiti inakhala pansi, inadya masoseji, n'kutulutsa lamulo. Loweruka aliyense ayesedwe liwiro. Lamlungu wochedwa aziyamba kunyamuka, waliwiro adikire. Koma amene athamange kuposa mmene anachitira Loweruka achotsedwe, ameneyo ndi kamberembere.

Chiyambireni, Loweruka bwalo lathu limakhala ngati ulendo wa kumanda. Amuna a ndevu zawo, zipewa zolimba kumutu, kulimbirana kukhala wotsiriza! Ine wokupiza mbendera mkono umachita dzanzi podikira. Pa luso lochedwali Clarrie analibe mnzake, chifukwa iye yekha ndiye sankanamizira.

Chaka chatha dokotala wa maso anamuuza kuti basi, mpikisano wa chikho cha kalabu ukhale womaliza. Chikhocho Clarrie ankachifuna ndi mtima wonse. Shelefu yake anakhomeratu kalekale pabalaza, ikungosunga fumbi.

Lamlungulo anamuika kutsogolo kwenikweni. Kumbuyo kwa onse kunali Lachlan Petrakis, mnyamata wozula mano, m'galimoto yonyezimira.

"Madala, nyamukani lero, ine ndinyamuka mawa, tikumana pakona!" anakuwa Lachlan.

"Iwe mwana, galimoto yakoyo imadziyendetsa yokha," anatero Clarrie. "Iwe ntchito yako n'kungokhalamo ngati thumba la mbatata."

Noelene anasuzumira pawindo la Holden. "Bambo, musapupulume. Yendani mmene mumayendera popita kutchalitchi, chikho chibwera chokha."

Ankanena zoona. Komiti inali itamupatsa Clarrie mtunda woti ngakhale thalakitala ikanapambana. Anazungulira bwalo mwaulemu wake, mpaka ulendo womaliza, pamene anaona mphuno ya galimoto ya Lachlan pagalasi. Apo malangizo onse anathawa m'mutu. Mkuluyo anaponda moto. Holden inalira kulira kumene sitinakumvepo, utsi tolotolo, inadutsa pakona ya thanki ya madzi osagunda buleki. Kaya anali mtima kaya konayo sanaione, sindikudziwa. Anafika pamzere ali patsogolo pang'ono chabe, ine mbendera n'kuikupiza ngati wamisala.

Tisanamalize kukuwa, chimkuzamawu chinakhosomola. Anali Mayi Glenys, mlembi wa kalabu.

"Bambo Boughton achotsedwa. Athamanga mopitirira muyeso wawo."

Zinandiwawa, sindinama. Lamulo limene tinapangira ziphapha linadya mwini chiphapha, chikho n'kupita kwa wozula mano. Lachlan yemwe anachilandira atazyolika.

Clarrie anatuluka m'galimoto, anavula chipewa, n'kulunjika kukanyumba ka mlembi. Tinamutsatira poopa ndewu.

"Mayi, mwati chiyani?"

"Pepani bambo, lamulo ndi lamulo. Inunso munakweza nawo mkono polivomereza."

"Ayi, sindikukana. Mwati ndatani?"

"Mwathamanga mopitirira."

Clarrie anapukuta maso ake ofookawo ndi chala chamafuta.

"Tabwerezani pachimkuzamawupo, mokweza. Anyamata aja anali asanazimitse mainjini, sanamve."

Mayi Glenys anabwereza. Noelene, amene wakhala akumudikira mwamunayu pakhomo la tchalitchi moyo wake wonse, ndiye anayamba kuwomba m'manja.

Holden ija tsopano ili m'shedi, yofundidwa lona. Pashelefu paja Noelene anaikapo makiyi ake.