Tsiku Limene Agogo Analola Kusuntha Mpando

Fungo la chikopa chakale chotenthedwa ndi dzuwa, losakanikirana ndi petulo, likandipeza paliponse ndimaona agogo anga aamuna atawerama pakhomo pathu ku Chinamwali, akupukuta galimoto yawo ndi vesiti yakutha, wailesi ikulira pazenera, utsi wa mbaula ya anganga ukudutsa pamwamba pa boneti. Galimotoyo inali yobiriwira, yamphuno yaitali, giya yake ili pachiwongolero, ndipo mpando wakutsogolo unali umodzi wautali ngati benchi ya kutchalitchi. Anyamata a kabaza ankaiseka kuti imayendera mapemphero, koma alendo opita kuphiri ankaima n'kuijambula.

Agogo anali aatali moti polowa m'nyumba ankayamba aweramitsa mutu. Moyo wawo wonse anayendetsa mabwana a boma, kuyambira Zomba idakali likulu, ndipo atapuma ntchito anagula galimoto imeneyi kwa bwana wina amene ankabwerera kwawo. Ntchito anaisiya, koma mwambo wake sanausiye. "Dalaivala wodziwa ntchito," ankatero, "amakankhira mpando kutsogolo mpaka pothera, kuti wa kumbuyo awongole miyendo." Tsopano wa kumbuyoyo anali anganga, akazi awo. Ankawatsegulira chitseko, iwo n'kukhala phee, chikwama pamiyendo, pamene agogo ankadzipinda kutsogoloko, mawondo atakhudza chiwongolero, pansi atayala bulangete lopinda chifukwa mpandowo unali utaphwa ndipo waya wina ankawabaya. Ine, mdzukulu wa timiyendo tatifupi, ndinkakhala pambali pawo n'kumanyadira anzanga pazenera.

Loweruka lina tinakwera phiri kukagula mbatatesi ndi masitirobere. Pobwerera kunali nkhungu yopyapyala, fungo la paini likulowa pazenera, azimayi akutsika m'mbali mwa msewu ndi mitolo yaitali ya nkhuni pamutu. Pokhota pena, pamtsetse woopsa uja, tinangoona bambo wina ali pakati pa msewu, njinga yake yodzaza nkhuni itamugwera. Ine ndinaona zonse chifukwa ndinali pafupi. Agogo ananyamula phazi kuti aponde buleki, koma bondo lawo, limene masiku amenewo linkatupa, linakodwa pansi pa chiwongolero. Analikoka ndi dzanja, galimoto ikupitabe. Pamene phazi limafika pabuleki n'kuti atakhotetsera kale kuphiri, ndipo tinaima tayala limodzi lili m'ngalande. Bambo wa nkhuni uja sanakhudzidwe, koma anakhala pansi n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Mbali inayo kunali phompho.

Ndine ndinaulula. Amayi anga, a Esime, amene ankaphunzitsa ku Malosa, atabwera mawa lake ndinawafotokozera zonse ndisanawalandire n'komwe katundu, poti pakamwa panga sipankasunga kanthu. Amayi sanakweze mawu. Anatenga makiyi pamsomali n'kuwaponya m'chikwama chawo.

"Ababa, mwakalamba basi. Maso akutha. Mudzapha munthu, mwinanso mwana wangayu."

Sabata imeneyo inandiwawa kwambiri. Agogo ankangokhala pakhonde, nsana atalozetsa kugalimoto, masamba a mango akugwera paboneti osawasesa. Tiyi ankasiya kuti azizire m'kapu. Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti makiyi aja akapitiratu, agogo amene ndinkawadziwa apita nawo.

Amayi atabweranso, anayamba kunena za munthu wina wa ku Chikanda amene ankaifuna galimotoyo. Apa ndinalephera kupirira.

"Si maso ayi! Munthu uja anamuona kalekale. Ndi bondo, linakodwa pachiwongolero. Mpando uli pafupi kwambiri."

Amayi anayang'ana agogo. "N'zoona zimenezi? Nanga bwanji osaubweza m'mbuyo?"

"Mpando umene uja susuntha," anatero agogo mwakachetechete. "Ndikaubweza, mayi anuwa akhala bwanji kumbuyo? Aziyenda atapinda miyendo ngati ali m'minibasi?"

Anganga, amene ankasenda nandolo pamkeka, anaika lichero pansi.

"Bambo a Esime, tayang'anani kuno. Ndani anakuuzani kuti ine ndimafuna kumbuyo?"

"Ndi malo aulemu."

"Ulemu wa chiyani? Zaka zonsezi ndakhala ndikungoona nkhongo yanu. Ndikamayankhula simumva. Ine ndimayesa simufuna kuti anthu azikuonani ndi nkhalamba pambali, ndiye ndimangokhala chete. Kani mumathyoka miyendo chifukwa cha ine? Ineyo, kamunthu kakafupi chonchi, miyendo yoti ndiwongole ili kuti?"

Amayi anayesa kudzigwira koma phwete linawapulumuka, ndipo ine ndinamva ngati wina wanditula mtolo pamutu. Anthu awiri amene anakhala m'nyumba imodzi mpaka imvi, aliyense akuvutika poganiza kuti akusangalatsa mnzake!

Koma mpandowo unakanadi kusuntha. Njanji zake zinali zitagwirana ndi dzimbiri, poti kuyambira tsiku limene agogo anaukankhira kutsogolo palibe anaukhudzanso. Anaitana Che Saidi, makaniko wa kumsika, amene anabwera ndi masipanala m'thumba la feteleza. Anathira oyilo, anamenya ndi hamala, anatukwana pang'ono m'Chiyao, kenako anamasula mabawuti onse n'kutulutsa mpando wonsewo. Anauika pansi pa mtengo wa mango, ndipo anganga anakhalapo tsiku lonse akulamula ntchito ngati kapitawo.

Ngakhale njanji zitamasuka, miyendo ya agogo inali yaitalibe. Che Saidi anawakhazika pakabokosi m'galimotomo.

"Pondani buleki, mdala. Mpaka pansi. Bondo lisawongoke lonse, lipindike pang'ono. Eya, pomwepo."

Analemba ndi choko, anaboola mabowo atsopano kumbuyo kwa akale, pafupifupi chikhatho chimodzi, n'kuika zitsulo zolimba pansi kuti mabawuti asadzazuke. Mpando anautsegula kunsi, anamanga mawaya amene ankabaya aja, n'kuikamo siponji yatsopano. Bulangete lija analiponyera anganga. "Ili ndi limene limawakweza mpaka bondo kugunda. Kafundeni."

Amayi sanali munthu wokhulupirira msanga. Anati makiyi abwerera pokhapokha akaona okha, ndipo akaonera pamsewu womwe uja. Loweruka lotsatira tinakweranso phiri, anganga ali kutsogolo, atavala mpango wawo wa kutchalitchi, ine ndi amayi kumbuyo, mawondo a amayi atatsamira mpando. Kunena zoona ndinali nditatupa pang'ono chifukwa cholandidwa malo, koma potsika ndinaiwala zonsezo. Ndinkadziwa kuti agogo akachedwa ngakhale pang'ono, galimoto ipita ku Chikanda.

Tikuyandikira pokhota paja, amayi anangofuula mwadzidzidzi, "Imani!"

Galimoto inaima nthawi yomweyo, mpaka ine ndinagunda mphumi pampando. Panalibe kukoka bondo ndi dzanja, panalibe ngalande. Agogo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Pali chinanso, madamu?"

"Palibe, ababa. Tiyeni."

Ndinaona amayi akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka, osadziwa chimene ndikuseka. Titafika m'tauni agogo anatuluka n'kuyenda bwinobwino osatsimphina, akudabwa okha kuti nsana sukuwawa. Anganga anali atayankhula ulendo wonse: za mitengo imene yatha m'phiri, za mlaliki wotalikitsa ulaliki, za agogo kuti amasintha giya mochedwa. Madzulo ake agogo anandinong'oneza kuti, "Iwe, kumbuyo kuja kunali mtendere." Koma ankamwetulira.

Anayendetsa zaka zina zingapo, ndipo maso atayambadi kuchita khungu, makiyi anapereka okha popanda wowalanda. Onse awiri anatisiya, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Lero ndine amene ndimayendetsa amayi anga, poti nawonso akalamba ndipo mawondo ayamba kuwavuta. Ndikapita kukawatenga, sinditsegula chitseko chilichonse ndisanawafunse kumene akufuna kukhala. Amandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kukhala kutsogolo, ndipo amandilongolola kuchokera ku Malosa mpaka ku Zomba. Ine wailesi ndimaitseka.