Dzenje la a Faustino

Bambo anga, a Narciso, anali mmisiri womanga ku Majaua. Anthu ankawaseka kuti amacheza kwambiri ndi simenti kuposa ndi mkazi wawo, ndipo sankanama. Akafika pakhonde la munthu, ankathira madzi pang'ono pansi n'kuima kuyang'ana. Madziwo akamwedwa msanga, ankapukusa mutu. Ankati konkire ili ndi timabowo ngati buledi: timabowo tikachuluka, madzi amalowa msanga, koma kuti atuluke pamapita miyezi. Ankagumula kachidutswa, n'kukayang'ana padzuwa, n'kunena masabata amene chinyontho chikhalemo. Sankaphonya.

Mu 1986, nkhondo itayandikira, mudzi wathu unagwirizana zobisa mbewu ya chimanga m'dzenje lomanga ndi konkire, kuti tidzakhale ndi chodzala. Simenti inalipo matumba atatu okha, otsala pomanga tchalitchi. A Faustino, alamu awo a bambo, amene ankatsogolera mapemphero, anaona kuti siikwana. Bambo atapita kukatuta miyala, a Faustino anawonjezera mchenga ndi madzi ambirimbiri. Bambo anazindikira konkire itathiridwa kale.

Patatha masiku anayi, pamwamba panali pouma gwa. Bambo anayala pulasitiki pansi pa dzenjelo n'kutsindika ndi njerwa. M'mawa mwake, kunsi kwa pulasitikiyo kunali madontho okhaokha.

"Alamu, konkireyi ikutuluka thukuta," anatero bambo. "Tidikire mwezi, apo ayi mbewuyi tiigawe m'miphika."

"Mwezi? Mfuti zikulira ku Milange, inu mukuti mwezi?" anayankha a Faustino. "Gwirani nokha anthuni, umu mwauma!"

Anthu anagwira khoma, manja anatuluka ouma, ndipo anamvera a Faustino. Matumba makumi awiri a mbewu analowa, anatseka pamwamba, ife n'kuwoloka mtsinje wa Ruo kuthawira ku Malawi.

Mvula ya chaka chotsatira itayandikira, amuna asanu anazemba kubwerera kukatenga mbewu ija. Anapeza chuku chakuda bii, fungo losayandikirika. Panalibe ngakhale njere imodzi yoti n'kudzala.

Nanga mlandu unagwera yani? Bambo, poti mmisiri ndiwo. Pamsasa wa othawa nkhondo ku Muloza, amayi ankalozana ndi milomo: "Uyo anatiwoletsera mbewu." A Faustino ankamva zonsezi, koma ankangotsegula buku la nyimbo n'kuyambitsa ina. Palibe anawapatsanso bambo ntchito, ngakhale yowaka chimbudzi. Bambo anamwalira konko mu 1990, manja atafewa ngati a mphunzitsi. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindibisa.

Nkhondo itatha tinabwerera kumudzi. Dzenje lija tinalipeza litauma lokha, monga momwe bambo ananenera. Anthu analisesa, ndipo chaka ndi chaka amasungamo chimanga osagwira chuku. Alendo akabwera amapita nawo kukawaonetsa, n'kuwauza monyadira kuti ili ndi dzenje la a Faustino.