Chithunzi cha Mayi Osoka Fodya

Makoswe a m'chigafa anali atadya chingwe cha kamera yanga, ndiye tsiku limenelo, pa esiteti ina kwa Kaomba, ndinkatumiza zithunzi ku laputopu pa wayifai, zomwe ndinali ndisanayesepo. Batire la kamera linali litafiira kale.

Pambali panga panaima bambo wina, tenanti wa ku Mulanje. Akazi awo anamwalira fodya akuuma pa mikangala, ndipo chithunzi chawo chokhacho chinali m'kamera mwangamo, akusoka fodya. Ankafuna ndiwaikire mufoni asanakwere lole yobwerera kwawo. Kumsewu dalaivala ankangoliza hutala.

Kamzere kosonyeza kulowa kwa zithunzi pa laputopu kankakwawa ngati nkhono. Mayi wina atafuna kudutsa pakati pa kamera ndi laputopu ndinawakalipira, ngakhale ndinkadziwa kuti sizisokoneza kanthu. Ataona zimenezo, bambowo anatambasula manja n'kumabweza aliyense, kulondera malo opanda kanthuwo.

Hutala inaliranso. Kenako kamera inathima, ine n'kuopa kuyang'ana.

Koma bambowo anavula chipewa, maso ali pa nkhope ya akazi awo pa laputopu.

"Afika," anatero motsitsa mawu. "Tsopano tikhoza kupita tonse kumudzi."