Anyezi Wosadyeka wa Amayi

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama amayi anali ndi anyezi wosadyeka. Anakamukumba kudambo, zimitu zazikulu ngati chibakera, ndipo mvula yoyamba ikagwa ankachita maluwa oyera, amizere yofiira. Atate ankadana naye koopsa.

"Pamalo pa repu mwabyala vinthu vosadya na mbuzi," ankatero.

Za mbuzizo sankanama, ngakhale mfuko inkamulambalala. Amayi ankati chomera chopanda minga chimadziteteza ndi kuwawa, ndipo kuwawako chimakusunga pansi m'mutu mwake, mmene muli chakudya chake cha m'chilimwe. Ife ana tinauzidwa kuti wongolawa tikamuika m'manda. Sitinalawe.

Chaka china madzi anasefukira m'komboni, zimbudzi n'kudzaza, msewu wa kutauni n'kumira. Atate, amene ankanyamula matumba kusiteshoni ya sitima, anatuluka chithupsa pa katumba. Mwendo unatupa mpaka buluku kukana kulowa. Kuchipatala akanapita bwanji, galimoto sizinkafika? Ndipo kapitawo anatumiza uthenga kuti Lolemba akapanda kuoneka, alipo ambiri pageti ofuna ntchitoyo. Ndinachita mantha, chifukwa m'nyumbamo wogwira ntchito anali mmodzi yekhayo.

Amayi anapita kuseri kwa nyumba. Anapinda chitenje, n'kulowa m'madzi ofika m'maondo, n'kumafufuza ndi manja m'matope mpaka anatulutsa mutu umodzi wa anyezi uja. Anasenda makoko, n'kuwafunditsa pa mbaula, n'kuwapaka mafuta ophikira otsiriza, saladi amene anamuimira pamzere tsiku lathunthu. Atate anayamba makani.

"Amake mwana, mufuna kunipaya?"

"Ningafune kukupayani, nikanaika mu ndiwo. Bweretsani mwendo."

Anamanga ndi kansalu, m'mawa n'kusintha, madzulo n'kusintha. Loweruka chithupsa chinaphulika. Fungo lake asakuuzeni munthu, koma amayi anaimba nyimbo ya kutchalitchi akutsuka bala, ine ndikuvina pakhomo ndi beseni m'manja. Lolemba atate ananyamula nsapato m'manja, n'kuwoloka madzi akutsimphina, ndipo ntchito anaipeza.

Kupepesa, aa, atate anga sankakudziwa. Koma madzi ataphwa tinawaona akututa miyala pa wilibala, n'kuzinga kamunda ka anyezi kaja bwinobwino. Mnansi wina atafunsa chimene akutchingira zosadyeka, atate anakwinya buluku n'kumuonetsa chipsera.

"Aya ni mankhwala, imwe. Tinabyala kudala."

Tinabyala! Amayi anali pakhomo akusankha nyemba. Sanadzutse mutu, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi phwete.